Jezi Zathu Zinadzera ku Mufulira

Kuchoka ku Kitwe kupita ku Ndola ndi ulendo wa ola limodzi, ngakhale basi itakhala ya matayala otha. Ine ndinauyenda maola khumi, tsiku lotsatana ndi Khirisimasi, nditakumbatira thumba. Anzanga kwathu ku Kamitondo amati nkhaniyi ndimaithira mchere chaka ndi chaka, koma zoona zake n'zakuti ndimachita kuichepetsa, chifukwa zina zimandichititsa manyazi.

Chinali chaka chimene mgodi unagulitsidwa. Ine ndinali kalaliki wa m'sitolo ya zipangizo, ndipo tsiku lina ndinalandira kalata yondiyamikira kwambiri chifukwa cha khama langa, m'munsi mwake n'kundipempha kuti ndibweze makiyi. Eni ake atsopano ananena poyera kuti anabwera kudzakumba kopa, za mpira sizikuwakhudza. Basi ya timu yathu inapita, malipiro a osewera anapita, ngakhale amayi amene ankachapa jezi kukalabu anapita. Tinatsala ndife masapota, anthu opanda ntchito koma odzaza ndi maganizo. Tinapanga komiti n'kugawana zochita. Wina anatenga zotchetcha udzu pabwalo, wina zolemba mizere, ine zinandigwera jezi, kutanthauza kuti zinagwera akazi anga, amake Tamara.

Nthawi zonse ligi inkatha mvula isanalimbe, koma chaka chimenecho matimu ambiri ankalephera kuyenda, masewero n'kumangosunthidwa, mpaka atatu omaliza anagwera m'nyengo ya zikondwerero. Oyamba tinagonja pakhomo pathu pomwe, goloboyi wathu ataterereka m'matope mpira usanamenyedwe n'komwe. Achiwiri tinalepherana, ndipo chigoli chathu chinalowa chitagunda msana wa wosewera amene anali atawerama kumanga nsapato. Mpaka lero munthuyo amati anachita dala. Otsiriza anali a ku Ndola, ndipo tinkangofunika kulepherana basi. Tikanagonja tikanatsika mu ligi yaikulu, ndipo aliyense ankadziwa kuti timu yopanda kholo ikatsika sikweranso. Mpingo wina unali utayamba kale kuyeza bwalo lathu ndi maso. Kwa ine nkhaniyi sinali yoseketsa. Ntchito inali itapita, anzanga ambiri atabwerera kumidzi, ndipo timuyo inali chinthu chokhacho chimene ndinkachitchulabe kuti chathu.

Masana a Khirisimasi kunafika ba Mwansa, amene tonse tinkawatchula kuti a Dokotala, ngakhale udokotala wawo unali wothamanga ndi chidebe ndi siponji wosewera akagwa. Anapeza jezi zili pachingwe, pakuti amake Tamara amapemphera mpingo uja sukondwerera Khirisimasi, ndiye tsikulo kwa iwo linali la sopo ngati lina lililonse. A Dokotala anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundinong'oneza kuti a ku Ndola atchera mankhwala pamlatho wa Kafue, panjira yaikulu. Mankhwalawo, anatero, sagwira munthu, amagwira nsalu. Jezi ikangodutsa pamenepo, woivala miyendo imalemera ngati wamangirira njerwa. Choncho komiti inagwirizana kuti osewera adzere njira yaikulu palole yobwereka, koma jezi zizungulire ku Mufulira, ndi ineyo. Anandipatsanso malamulo atatu: thumba lisakhudze pansi, lisatsegulidwe panjira, ndipo lisagwiridwe ndi munthu wa ku Ndola.

Atachoka, amake Tamara anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

“Atate ake Tamara, inu mkulu wa mpingo wathunthu, mukuopa mlatho?”

Ndinawayankha kuti ine sindikhulupirira zimenezo, kungoti ndimalemekeza komiti. Linali bodza. Pankhani ya mpira ine ndakhala ndikuopa zinthu zambiri, ndipo Mulungu anandizolowera.

M'mawa mwake ndinanyamuka tambala atangotsika. Mvula inali itagwa dzulo lake madzulo, jezi sizinaume, ndiye tinazipinda zonyowa n'kuziika m'thumba lija ankaikamo ufa, pamodzi ndi makabudula ndi sokosi. Linali lolemera ngati mwana wa ng'ombe. Tauni inali zii, ngati anthu onse asamuka. Amene ndinakumana nawo anali ochokera kumowa, akuyenda mofunsa njira kwa mitengo.

Pasiteshoni ndinapeza minibasi ya ku Mufulira ili ndi anthu asanu ndi awiri, ndipo ndinathokoza mumtima kuti sitichedwa. Ndinabadwira ku Kitwe, koma tsiku limenelo ndinagwa m'mbuna ngati mlendo. Anthu aja anali oitanira, ongokhalamo kuti basi ioneke yodzaza. Akalowa munthu weniweni mmodzi, mmodzi wa iwo ankatsika ngati akukagula fodya, osabweranso. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso pomwepo. Tinachita zimenezo maola atatu.

Kondakitala anati thumba lipite pansi pa mpando. Ndinakana. Anati lipite kumbuyo pamodzi ndi tayala. Ndinakananso, poti kumeneko sindikanaliona. Pamapeto pake ananena kuti katundu wokhala ngati munthu amalipira ngati munthu, thiri pini, ndiko kuti makwacha zikwi zitatu, ndipo ndinalipira. Koma basi itadzaza anaikapo mayi wina pampando wa thumbalo, ine n'kulinyamula pamiyendo. Madzi a jezi anayamba kudontha. Pofika pomwe tinkatuluka mu Kitwe, buluku langa linali litanyowa pamalo ovuta kufotokoza, ndipo mayi uja ankangodzikokera kuwindo.

Tinakhotera pamphambano ya Sabina bwinobwino, ine mtima uli m'malo, ndikudziona ngati msilikali amene wazemba adani. Kenaka basi inayamba kutsetsereka, ndipo kutsogolo ndinaona mlatho, pansi pake madzi ofiira akuyenda modzitama. Ndinafunsa bambo wa kumbuyo kwanga dzina la mtsinjewo, ngakhale ndinkalidziwa kuyambira ndili kusukulu. Anati ndi Kafue.

Komiti yonse, amuna khumi ndi awiri, ena a iwo anthu oti anagwirapo ntchito yoyeza malo kumgodi, panalibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira kuti njira ya ku Mufulira imawolokanso mtsinje womwewo. Ndinanyamula thumba m'mwamba mpaka linagunda denga, ndinabanika mpweya, ndipo tinawoloka. Anthu anandiyang'ana, mwana wina n'kuyamba kulira. Tili kutsidya ndinadzitonthoza kuti mlatho wa a Dokotala uli kumunsi, ndipo sindinamvepo kuti mankhwala amasambira chokwera mtsinje.

Ku Mufulira tinafika cha m'ma teni awazi. Ndinafunsa za basi ya ku Ndola, anthu n'kuseka. Anati msewuwo unatha kalekale, pakali pano ndi maenje olumikizana, ndipo patsiku la tchuti palibe dalaivala wanzeru amene angaponyeko basi yake. Onse anandilangiza chinthu chimodzi, kuti ndibwerere ku Kitwe ndikakwere za njira yaikulu. Ndikanamvera, ndikanadyera nkhomaliro ku Ndola. Koma ndinali nditatumidwa, ndipo munthu amene wachotsedwa ntchito akapatsidwanso kantchito, amakagwira ndi manja awiri.

Ndinakhala pakhonde la sitolo yotsekedwa, thumba lili pamaondo. Pakhondepo panali amuna ena anayi ovala nsapato zakumgodi, zopolishidwa bwino, koma osapita kulikonse. Sitinafunsane zambiri. Mmodzi anangondifunsa kuti kumgodi ndinali chigawo chiti, ndinamuuza, iye n'kutchula chake, basi tinangokhala ngati anthu a pamaliro amodzi. Ndinamva chisoni, ndiponso ndinachita mantha, chifukwa ndinadziona ndekha mwa iwo.

Dzuwa lili pafupi kufika paliwombo kunatulukira kalole konyamula makala, kopendekera mbali imodzi. Dalaivala anati akupita ku Ndola ngati Mulungu alola, ndipo mawu amenewo anawanena motsindika. Tinakwera pamwamba pa matumba amuna asanu ndi mayi mmodzi wonenepa amene anali ndi beseni la bowa. Dzina lawo linali bana Chisanga, Mbemba, wokhala ku Ndola. Atangomva kalankhulidwe kanga anadziwa kuti ndine wa kum'mawa, ndipo maso awo anawala. Ife Angoni ndi Abemba ndife a chimbuya. Timatukwanana mwaufulu, pamsika, paukwati ngakhale pamaliro, ndipo wokwiya ndiye wagonja.

“Ba mbuya,” anatero, “mwalikumbatira ngati mkazi watsopano. Muli imbeba zingati umo? Ndiye Khirisimasi yanu imeneyo?”

Ndinawayankha kuti mbewa zanga ndikuzibisa chifukwa ndamva kuti anyani anatha m'tchire, Abemba ayamba kudya zilizonse. Lole yonse inaseka, iwo n'kundimenya paphewa mpaka ndinatsala pang'ono kugwera mumsewu. Kuyambira pamenepo sanandipatse mpumulo. Ananena za kwathu, za mpingo wathu, za buluku langa lonyowa. Ine ndinkabweza momwe ndikanathera, koma dzanja limodzi lili pathumba, ndikulitchinjiriza kuti lisakhudzane ndi chitenje chawo.

Msewu umenewo umayenda m'mbali mwa malire a Congo, ndipo chapakatikati tinapeza apolisi atatchinga ndi migolo. Wapolisi wamtali anazungulira lole, makala sanawayang'ane, bowa sanauyang'ane, anangoloza ine. Thumba lofewa, lolemera, mwini wake akutuluka thukuta, pamsewu wa m'malire: kwa iye imeneyo inali salaula, zovala za kaunjika zozembetsa. Anandiuza kuti nditsike ndiliike pansi. Ndinachonderera kuti ndiliike pamwamba pa mgolo, ndipo anavomera modabwa. Atati nditsegule ndinayesa kufotokoza kuti muli zinthu za mpingo. Anamasula yekha.

Anatulutsa jezi yoyamba, yakuda ya mzere wa mtundu wa kopa pachifuwa, n'kuitambasula. Kenaka anaitana mnzake. Zinapezeka kuti bamboyo anali wa mpira woposa ine. Za salaula zinaiwalika. Anayamba kundiuza chimene chavuta pa timu yathu: kuti mphunzitsi wathu ndi wouma mutu, kuti nambala sikisi timamuseweretsa malo olakwika, kuti goloboyi wathu ali ndi manja a m'khitchini. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinandipweteka chifukwa chakuti zinali zoona. Ndinayamba kutsutsa, n'kuiwala kuti ndili pachangu. Dalaivala anachita kuliza hutala kuti atilekanitse. Wapolisiyo anandibwezera jezi, yokhala ndi zala zamakala za ine ndemwe poti ndinkaigwira potsutsana, n'kutifunira mafuno abwino monyinyirika.

Nditakweranso, bana Chisanga anali atagwira pakamwa. Amuna awo, anandiuza, ndi sapota wa timu ya ku Ndola wa kufa nayo, ndipo madzulo akawafotokozera kuti anayenda ndi adani onse khumi ndi mmodzi ali m'thumba la ufa.

Sitinayende ngakhale theka la ola. Kutsogolo kunali thamanda lodzaza msewu wonse, dalaivala analiyang'ana, anapemphera, analowamo, ndipo lole inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Anati amuna onse titsike tikankhe. Ine ndinati ndili ndi msana. Anati wamsana atsale pomwepo adikire ina. Ndinayang'ana uku ndi uku. Pansi panali matope okhaokha, pamwamba pa makala thumba likanagubuduka, ndipo munthu yekhayo wotsala palole anali bana Chisanga, atatambasula kale manja.

“Leteni kuno, ba mbuya. Sindiluma.”

Ndinawapatsa. Pokankha ndinacheuka n'kuona atalikhalira, akuti kuti lisagwe. Malamulo atatu a a Dokotala anali atatsala limodzi, nalonso lokayikitsa chifukwa mgolo uja unali pansi.

Lole inatuluka, ife tili matope mpaka m'makutu, koma inatuluka ndi tayala lophulika. Tayala lapadera linalipo, lopanda mpweya. Dalaivala anaimitsa munthu wa njinga, anamangirira tayalalo n'kupita nalo kukasaka pampu kumudzi wina umene ankauloza ndi mlomo. Inali itadutsa fotini awazi, thu koloko masana, ndipo mpira unkayamba fifitini. Masiku amenewo kunalibe foni za m'manja zoti n'kuuza munthu kuti ndili apa. Ndinakhala m'mbali mwa msewu, thumba pamiyendo, ndikuyang'ana kumene kunalowera njinga.

Mmodzi wa anzathu aja anali ndi kawayilesi, ndipo nthawi itakwana anatsegula za masewero. Ankaulutsa mpira wa ku Lusaka, koma pakatikati woulutsayo ananena kuti ku Ndola zinthu sizinayambe, alendo afika opanda jezi, ndipo woyimbira akuyang'ana wotchi. Anaseka ponena zimenezo. Palole panalibe amene anaseka. Lamulo ndinkalidziwa: nthawi yodikira ikatha, eni bwalo amapatsidwa chipambano osatuluka thukuta. Timu imene bambo anga ankandinyamula paphewa kukaionera inali kufa, osati chifukwa cha eni mgodi, osati chifukwa cha goloboyi, koma chifukwa cha ine, munthu wamkulu wothawa mlatho. Ndinagwetsa nkhope pathumba lija.

Bana Chisanga sanandinyoze. Anandiika bango lakupsa m'manja, anamanga chitenje molimba, n'kukaima pakati pa msewu. Galimoto yoyamba kudutsa chichokereni dalaivala inali kavani konyamula buledi, kobwerera kopanda kanthu. Inayesa kuwalambalala, iwo n'kusunthira komweko. Zimene anamuuza dalaivalayo m'Chibemba sindingazilembe, koma anatsegula chitseko cha kumbuyo.

“Tengani mbuya wanga uyu,” anatero. “Akafere pamaso pa anzake.”

Ndinalowa pakati pa mathireyi, mumdima wonunkhira buledi, ine chidyereni dzulo. Enje lililonse linkandiponya kudenga. Za Ndola sindinaone chilichonse mpaka chitseko chinatsegulidwa pafupi ndi bwalo, nthawi itadutsa sikisitini.

Ndinkayembekeza kupeza anthu akubalalika ndiponso komiti ikundidikira ndi miyala. M'malo mwake ndinamva phokoso la mpira weniweni, ng'oma ndi malikhweru. Ndinathamangira kuchipata, ndipo woyamba kundiona anali a Dokotala, chidebe chili m'manja. Anandigwira pachifuwa n'kundikankhira kumbuyo. Ndinasuzumira pamwamba pa phewa lawo. Anyamata athu anali m'bwalo, atavala jezi zapepo zosuluka, zazikulu ngati madiresi, pachifuwa pali dzina la fakitale ina ya ku Ndola imene inatsekedwa kale. A Dokotala anandiuza mwachangu kuti eni bwalo atibwereka jezi zawo zakale, kuti chigawo chachiwiri changoyamba, ndipo zigoli ndi chimodzi kwa chimodzi. Anyamata, anatero, sanathamangepo chonchi chaka chonse.

Ndinati ndilowe asinthe avale zathu.

“Awe, ba Zulu,” anatero. “Mukalowa nazo izi muwononga zonse. Khalani panja. Ndipo musayandikire mpanda.”

Anandisiya pomwepo. Maola khumi, matope, njala, ndipo mpira wofunika kuposa yonse pamoyo wanga ndinauonera ndi makutu, nditakhala pachitsa kuseri kwa khoma. Thumba ndinaliponya pansi. Linagwa ngati thumba lina lililonse.

Patapita kanthawi kunatuluka bambo wachikulire, wowonda, atavala chipewa cha timu ya ku Ndola. Anayatsa fodya, anayang'ana thumba, anayang'ana ine, n'kuseka chamumtima. Anati ndi ba Chanda, wosunga jezi za eni bwalo, ndipo mpira ukafika pothina iwo amatuluka chifukwa mtima wawo ndi wakale. Ndiwo anatulutsa jezi zapepo zija m'bokosi, akuluakulu awo akukana, woyimbira atanyamula kale wezulo. Ndinawafunsa za mankhwala a pamlatho. Anatsokomola ndi kuseka, n'kunena kuti iwo ngakhale sopo akumusowa, sing'anga angamupeze kuti.

Ndiye ndinawafunsa chimene chinkandivuta. Akanatha kupambana atakhala pansi, ife n'kutsika. Anatibwerekeranji?

Anakoka fodya, anayamba kutchula matimu amene ankabwera pabwalolo iwo ali mnyamata: ya fakitale ya nsalu, ya fakitale ya matayala, ya mabasi, ya mgodi wakuti ndi wakuti. Iliyonse ankaitchula n'kugwedeza mutu. Iwonso fakitale yawo inali itawapatsa kalata yoyamikira.

“Takhala tikukutukwanani zaka zonsezi,” anatero. “Nomba mukafa inunso, Loweruka tizitukwana ndani?”

Anakhala pambali panga pachitsapo. M'kati mukaphulika phokoso, ankandimasulira kuti imeneyo ndi kona, iyo ndi goloboyi wanu wagwira mwangozi. Kawiri konse anaimirira atanyamula manja, n'kukhalanso akutukwana. Ine ndinkangopemphera mapemphero osalongosoka. Kenaka wezulo inalira katatu, ndipo pamwamba pa phokoso lonse ndinamva nyimbo yathu ya ku Kitwe, ikuimbidwa ndi anthu ochepa a mawu osasa. Tinali titalepherana. Ndinalira ngati mwana, pamaso pa mdani, ndipo sindinabise nkhope.

Ba Chanda anazimitsa fodya ndi chidendene, anaimirira n'kudzisansa fumbi.

“Chaka cha mawa mubwere ndi zanu, pa nthawi yake, tidzakukwapuleni bwinobwino.”

Ndinawauza kuti tidzabwera. Chichokereni kumgodi, aka kanali koyamba kuti munthu andiuze za chaka cha mawa ine n'kuyankha mosakayika.